Nsanja ya matabwa yoti ana onse avinirepo: zomwe zinatikanika ndi momwe tinakonzera

4 Meyi 2024

Ndine mphunzitsi wa pulayimale kuno ku Mangochi. Kwa zaka zitatu ndakhala ndikusonkhanitsa ana Loweruka lililonse pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yanga kuti tizivina beni. Chaka chino ndaganiza zolemba zonse zomwe tikuchita, ndalama zomwe zikulowa ndi zolakwika zomwe, kuti wina akafuna kuyamba zotere kwawo asagwere m'maenje omwe ndagweramo ine.

Chandiyambitsa ndi mtsikana wa zaka 11 amene samva. Amabwera ndi mng'ono wake, n'kuima kumapeto kwa mzere, maso ali pa mapazi anga. Pomwe akuona kuti phazi langa laponda kuti naye aponde, ng'oma imakhala itadutsa kale. Amachedwa pang'ono chabe, koma anzake amaona, n'kumaseka. Sabata yatha anamasula chitenje chomwe anamanga m'chiuno, n'kuchipinda bwinobwino, n'kukakhala pa muzu wa mango. Pambali pake panali mnyamata wa zaka 13 woyenda pa njinga ya aulumali, yemwe ineyo ndinamupatsa ntchito yowomba m'manja kwa chaka chathunthu, mumtima ndikuti ndamulowetsa m'gulu. Nditawaona awiriwo ali phee pambali anzawo akutimba fumbi, manyazi anandigwira.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 aliwonse a zaka zisanu kupita m'tsogolo m'Malawi muno, pafupifupi 10 ali ndi ulumali wa mtundu wina wake. Pa ana 22 amene amabwera kwa ine, 6 ndi otere: awiri osamva, mtsikana wosaona, mnyamata wa njingayu, kamtsikana ka khungu la chialubino, ndi mnyamata wa zaka 9 amene salankhula ndipo safuna munthu amukhudze.

Ndikufuna kumanga nsanja ya matabwa. Maganizowa anandibwerera ndili m'boti ya matabwa pa nyanja: injini ikalira umaimva m'mapazi ngakhale utatseka makutu. Ngati boti ikutha kutero, ng'oma ingalephere bwanji?

11 Meyi

Zogula zafika. Nsanja ikhala mamita 4.5 m'litali, mamita 3.6 m'lifupi. Matabwa a paini a 6x1, otalika mamita 3.6, ndagula 30 pa K4,500 limodzi, zonse K135,000. Mitanda ya 2x4 yokhala pansi ndatenga 7 pa K6,000, ndiye K42,000. Misomali makilogalamu 4, K16,000. Matayala akutha a galimoto zing'onozing'ono 12, pa K1,500 limodzi kwa anyamata omata matayala, K18,000. Ngolo yonyamula K15,000. A kalipentala tagwirizana K40,000. Zonse pamodzi K266,000.

Ndalamazi: achimwene anga omwe ali ku Johannesburg anatumiza K200,000, ndipo ndakongola K150,000 ku banki m'khonde. Mitengoyi musaidalire kwambiri. Chigwetsereni kwacha mu Novembala 2023, mtengo womwe wakuuzani wogulitsa lero siukhala womwewo pakutha pa mwezi.

Matayala ndi oti nsanja isakhudze dothi. Ikagona pa dothi, dothi limameza kunjenjemera konse.

18 Meyi

Tamanga tsiku limodzi. Tinayala matayala chogoneka, mitanda pamwamba pake motalikirana masentimita 60, kenako matabwa. Poopa chiswe, a kalipentala anapaka oyilo wakutha wa galimoto. Ine ndinachokapo kukagula ndiwo, pobwera ndinapeza apaka ndi pamwamba pomwe. Sindinawauze kuti ana amavina opanda nsapato, ndiye cholakwa n'changa. Tatha madzulo onse tikukwecha ndi mchenga wa kumtsinje ndi phulusa. Oyilo pakani kunsi kokha ndi pa mitanda.

25 Meyi

Tsiku loyesa, ndipo zakanika.

Choyamba, matabwa akugonja kwambiri. Ana 10 atakwera n'kuyamba kuguba, nsanja yonse inayamba kunesa ngati mlatho wa nsungwi. Mtsikana wosaona anakhala pansi n'kukana kudzuka. Chachiwiri, chomwe chandiwawa kwambiri: mtsikana wosamva anaima pakati, woimba ng'oma n'kuyamba, iye anandiyang'ana n'kupukusa mutu. Palibe chomwe amamva. Woimba ng'oma wathu, bambo achikulire omwe anavina beni paunyamata wawo, amapana ng'oma ndi miyendo ali pa mpando, ndipo mpandowo unali pa dothi. Tinakweza mpando pa nsanja, kunjenjemera kunabwera pang'ono, koma mapazi a ana ena 9 akugunda matabwa omwewo kunasokonekera.

Ndinabwerera m'nyumba ndili khuma. K266,000, ngongole ili pakhosi, mwana yemwe ndamumangira nsanja akupukusa mutu.

1 Juni

Tawonjezera mitanda 6, umodzi pakati pa iwiri iliyonse, ndiye tsopano yatalikirana masentimita 30. Mtengo wakwera kale, K6,500 umodzi, K39,000. Kunesa kwatha.

Za ng'oma, yankho lachokera kwa anganga ake a mtsikana wosamva uja. Anabwera kudzaona chomwe mdzukulu wawo amakachita Loweruka, anakhala pa mkeka kuonerera ife tikuvutika, kenako anati, "Aphunzitsi, mwanayu ndikamasinja amadziwa ali m'nyumba. Bwerekani munsi." Tinabwereka munsi kwa aneba. Mwana wina wamkulu anaima pa ngodya ya nsanja n'kumagunditsa munsi pa thabwa motsatira ng'oma yaikulu: gu, gu, gu. Mtsikana uja anayang'ana kumapazi kwake, n'kuyang'ana anganga ake, kenako anayamba kuponda. Sanachedwe ngakhale kamodzi. Maso sanali pa ine, anali kutsogolo.

Pakutha pa ola munsi unali utang'amba thabwa la pa ngodya. Tachotsa, taikapo chidutswa chochindikala cha mlombwa chomwe a kalipentala anatipatsa ulere, n'kuchikhomera molunjika pa mtanda. Kukhomera pa mtanda n'kofunika, chifukwa mtandawo ndi umene umanyamula kugunda kufikitsa mbali ina ya nsanja. Tinayesa kuyala mphira ya tayala pamwamba kuti thabwa lisaphwanyike, kugunda kunazima. Tachotsa mphirayo.

8 Juni

Lero mwana wagwa, ndipo ndilemba mosabisa.

Nsanja yathu yakwera masentimita 30 kuchoka pansi: tayala, mtanda, thabwa. Pokwerera njinga tinapanga ndi matabwa otsala, motalika mita imodzi ndi theka. M'maso zimaoneka bwino. Mnyamata wa njinga anakana kuti timukankhe, anapalasa yekha, atafika pakati timatayala takutsogolo tinanyamuka, njinga inagwa chagada. Wasupuka chigongono, mutu sunagunde chifukwa mnzake anali kumbuyo.

Madzulo ndinapita kwa mayi ake kukapepesa. Ndimayembekezera kuti amuletsa kubwera. Anandiyalira mphasa, anandimvetsera mpaka kumaliza, kenako anati, "Aphunzitsi, mwana wangayu kugwa wagwa kambiri. Chomwe sindikufuna n'choti mumubwezere kowomba m'manja kuja."

Ndafunsa mnzanga amene amachititsa ana mafizo kuchipatala. Wandiuza muyeso womwe amatsatira: pa sentimita imodzi iliyonse yokwera, pokwererapo patalike masentimita 12. Ife takwera 30, ndiye pafunika masentimita 360, komwe ndi kutalika kwa thabwa lathunthu. Tagula matabwa 7 ndi mitanda 3, K51,000. M'mbali mwa pokwerera ndi kuzungulira nsanja yonse takhomera timatabwa totukuka pang'ono kuti tayala lisapitirire. Timatabwa tomweto tathandizanso mtsikana wosaona: phazi lake likakhudza, amadziwa kuti apa m'pamapeto.

22 Juni

Nsanja yakhala bwino, tsopano vuto ndi kaphunzitsidwe kanga.

Ine ndinaphunzira kuvina poonera, ndipo ndimaphunzitsanso choncho: ndiime kutsogolo, ndichite, ana atengere. Kwa mtsikana wosaona njira imeneyi ndi yopanda pake. Ndiye ndinachita chomwe ambiri tingachite, kumugwira miyendo n'kumaisuntha ndikumuuza kuti phazi ili apa, ili apa. Thupi lake linauma gwa ngati mtengo. Atamaliza anandiuza motsitsa mawu, "Madamu, mukandigwira osandiuza ndimadzidzimuka, ndiye sindimva zomwe mukunena."

Tatembenuza. Tsopano iye ndi amene amagwira ine. Amaika manja pa mapewa anga kapena m'chiuno ali kumbuyo kwanga, ine ndikuvina pang'onopang'ono, iye akumva komwe thupi langa likutsamira. Tapanganso maseche a zitsekerero za mabotolo, kuziboola ndi msomali n'kuzitunga pa waya, mnzake woima naye pafupi amavala m'miyendo. Akamva maseche kumanzere amadziwa kuti mzere wakhota. Ndalama sizinalowepo. Lamulo latsopano kwa tonse, ana ndi ine ndemwe: usanakhudze mnzako, muuze, ndipo adikire avomere.

Mnyamata wa njinga ndinamulakwiranso kachiwiri. Beni anachokera ku kuguba kwa asilikali, n'chifukwa chake muli mizere, wenzulo ndi maudindo onga a usilikali. Akuluakulu amati anafalikira kuno ndi anthu omwe anabwerako ku nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Ndiye ndinaganiza kuti mnyamatayu akhale mkulu wa asilikali, wenzulo kukamwa, azilamula mizere. Ndinkaona ngati ndamulemekeza. Anaimba wenzulo Loweruka limodzi, lotsatira anandibwezera m'manja. "Madamu, uku n'kuwomba m'manja komwe kuja. Ine ndikufuna kuvina."

Ndinakhala pansi ndi woimba ng'oma uja n'kuwafunsa kuti kodi pa beni chomwe sichingasinthe n'chiyani. Anaganiza nthawi yaitali, kenako anati mapazi amasiyana mudzi ndi mudzi, koma pomwe ng'oma yaikulu yagwa, thupi lonse ligwere pomwepo. Mawu amenewo ndi amene asintha kaphunzitsidwe kanga. Sindiyambanso ndi sitepe. Ndimayamba ndi munsi wokha, n'kufunsa mwana aliyense: kugunda kumeneku iwe ukugwetsera pati? Wina pa chidendene, wina pa phewa, wina pa mutu. Mnyamata wa njinga amagwetsera pa matayala: akankha, agwira buleki ndi zikhatho, thupi n'kugwedezekera kutsogolo ndendende pa kugunda. Pokhota mzere amagwira tayala limodzi n'kuzungulira pamalo amodzi msanga kuposa aliyense wa miyendo. Anyamata ena ayamba kutengera kukhota kwakeko.

6 Julayi

Mwera wafika ndi fumbi lake ndi kuzizira kwa m'mawa. Chikopa cha ng'oma chimalefuka, timachiwamba pa moto wa mapesi. Lero ana anawamba okha ine ndili kokatunga madzi, anayandikiza kwambiri, chikopa chaphulika. Chikopa cha ng'ombe K12,000, wokunga K8,000. Tavina ndi munsi wokha ndi chigubu cha malita 20, ndipo zinatheka ndithu.

Misomali yayambanso kutuluka mitu chifukwa cha kugwedezeka. Mwana mmodzi wachekeka chala. Tazula yonse ya pamwamba, taika masikuluwu, K18,000. Mukamamanga yanu yambirani pa masikuluwu. Ndipo musanayambe kuvina, wina ayende pa nsanja yonse akusisita ndi dzanja.

13 Julayi

Ana anayi akhala akufooka tisanafike pakati. Poyamba ndimayesa ulesi, mpaka nditafunsa kamtsikana kena chomwe kadya, kanati chidyereni dzulo masana. Chaka chino mvula inadula chifukwa cha El Niño, ndipo mu Malichi boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya njala. M'nkhokwe zambiri mulibe kanthu ngakhale kuti ndi Julayi. Mwana wa njala ungamuimbire ng'oma yabwino bwanji, sakumva.

Tayamba kuphika phala la mgaiwa tisanayambe. Ufa, shuga pang'ono ndi nkhuni zikumatenga pafupifupi K6,000 pa Loweruka. Amayi atatu akusinthana kuphika, wina amabwera ndi nsinjiro akapeza. Ndalama imeneyi sindinaiwerengere poyamba, ndipo ikuchoka pa malipiro anga.

27 Julayi

Mnyamata amene salankhula uja ndimulembe payekha, chifukwa wandiphunzitsa zambiri.

Chiyambire Meyi sanakwerepo pa nsanja. Amaima patali pafupi ndi bafa, wenzulo ikalira amatseka makutu n'kumadzigwedeza, nthawi zina kuthawira kwawo. Mayi ake anandiuza kuti ngakhale ku ukwati sapita naye. Ndinayesa kumunyengerera, kumukoka dzanja, zonse zinangoipitsa. Kumayambiriro a mwezi uno ndinaganiza zochotsa wenzulo, popeza ana awiri osamva nayonso siwathandiza. M'malo mwake wotsogolera amanyamula nsalu yofiira: akakweza tayamba, akatsitsa taima. Mtsikana wosaona amauzidwa ndi maseche a mnzake. Woimba ng'oma anadandaula kuti beni wopanda wenzulo ndi ndiwo zopanda mchere, ndipo ndikuwamvetsa. Tinagwirizana kuti wenzulo izilira pa nyimbo yomaliza yokha, ndipo tisanaimbe timamuonetsa mwanayo kuti adziwe, asankhe kutseka makutu kapena kuchokapo.

Masabata awiri zinangokhala choncho. Lero mwana wogunda munsi anatopa n'kuutsamiritsa pa mtengo. Mnyamata uja anabwera yekha, anaunyamula, n'kuyamba kugunda pa mlombwa paja. Sanayang'ane munthu. Kugunda kwake sikuthamanga, sikuchedwa, mpaka woimba ng'oma anasiya kutsogolera n'kuyamba kutsatira iye. Anagunda nyimbo zitatu. Ndinawauza ana ndi maso kuti asakuwe, asamuwombere m'manja, angopitiriza kuvina.

Chinanso chomwe tayamba mwezi uno: tisanavine timaima mozungulira, kupuma mozama katatu manja akupalasa ngati tili m'bwato, kenako aliyense amanena ngati m'thupi mwake lero muli mwera kapena bata. Ana a kunyanja safuna kuwafotokozera mawu amenewa. Wa mwera amagwedeza dzanja ngati mafunde, wa bata amaliyala chafufumimba, ndiye osamva ndi wosalankhula amayankha mofanana ndi anzawo. Ndikaona a mwera achuluka, timayamba ndi kukoka khoka, mizere iwiri kukoka chingwe pang'onopang'ono motsatira munsi, mpaka mapewa atatsika. Tikamaliza kuvina ndimafunsanso. Si onse amene amasintha kukhala bata, ndipo sindiwakakamiza. Mtsikana wina wakhala akuonetsa mwera masabata atatu otsatizana. Nditacheza naye pambali ndinamva kuti bambo ake anapita ku Joni ndipo foni yawo sikupezekanso.

10 Ogasiti

Mwana wina, yemwe sindimadziwa kuti ali ndi khunyu, wagwa pakati pa kuvina. Ana anathawa mbwee, wina akukuwa kuti musamukhudze mutengera. Mayi wophika phala anathamanga ndi supuni kuti amuike m'kamwa, ndinawaletsa. Tinachotsa zinthu pafupi, ndinamuika chitenje kumutu, kugwedezeka kutatha tinamugoneka chammbali. Anatsitsimuka patapita mphindi zochepa, ndinamuperekeza kwawo.

Makolo ake anabisa poopa kuti ndimukana. Cholakwa changa n'choti sindinafunsepo kholo lililonse za matenda a mwana. Tsopano ndagula kope, ndayendera nyumba zonse kufunsa: matenda, mankhwala, wofunika kumuitana zikavuta. Ana ndakhala nawo pansi kuwauza kuti khunyu siyopatsirana, ngakhale malovu akukhudze, ndipo m'kamwa mwa munthu wogwa simuikidwa kanthu. Tayeserera kugoneka mnzako chammbali, aliyense kawiri. Mwanayo wabweranso, ndipo malo ake mu mzere ndi pakati, kutali ndi m'mphepete.

24 Ogasiti

Sukulu zatsekera, anyamata 7 alowa ku ndagala, kumsasa wa chinamwali cha anyamata. Gulu lachepa. Ndinaganiza zoti otsalawo tiphunzire manganje kuti anzawo akamatuluka tikawalandire. Bambo woimba ng'oma anandikhazika pansi mwaulemu n'kundiuza kuti nyimbo zina zili ndi eni ake ndi nthawi yake, si za pa bwalo la kuseri kwa nyumba ya aphunzitsi. Ine ndinakulira ku Ntcheu, zina za kuno ndikuphunzirabe. Ndasiya.

Nthawi imeneyi ndaigwiritsa ntchito kuphunzira chinenero chamanja kwa mphunzitsi mnzanga yemwe anachita maphunziro ake ku koleji ya Montfort ku Nguludi. Ndazindikira kuti ana anga awiri osamva salankhula zofanana: aliyense ali ndi zizindikiro zomwe anapangana ndi a kwawo. Tasankha zizindikiro 12 zoti gulu lonse lidziwe, monga yamba, ima, bwereza, pang'onopang'ono, ndatopa, madzi. Ana akumva agwira msanga kuposa ine, ndipo ayamba kunenerana miseche ndi manja ine nditatembenuka.

14 Sepitembala

Nkhani ziwiri zafika kwa a mfumu.

Yoyamba: makolo ena sakondwa kuti anyamata ndi atsikana akugwirana manja povina awiriawiri, makamaka omwe angotuluka ku chinamwali. Sindinatsutse. Tadula nsungwi zotalika ngati mkono, awiri amagwira uku ndi uku. Zatipindulira mosayembekezera: kudzera mu nsungwi umamva mnzako akamakoka kapena kukankha, ndiye mtsikana wosaona amatha kutsogolera, ndipo mnyamata wosafuna kukhudzidwa uja wavina ndi mnzake koyamba.

Yachiwiri ndi yowawa. Kwamveka mphekesera yoti ndimajambula ana aulumali n'kumatumiza kwa azungu kuti andipatse ndalama. Chinayambitsa ndi alendo ena ochokera ku malo ogona a kunyanja omwe anaima pa msewu n'kujambula ndi mafoni, ine osawaletsa. Anthu sakulakwa kukayikira, zoterezi zimachitika. Ndinapita ndi kope langa, pamaso pa a mfumu ndi makolo ndinawerenga zonse: kumanga K266,000, mitanda yowonjezera K39,000, pokwerera K51,000, masikuluwu K18,000, ng'oma K20,000, chingwe K3,000, mphasa za mthunzi K12,000. Zonse K409,000, osawerengera phala. Ndinanenanso komwe zinachokera, ndi ngongole yomwe yatsala. Tagwirizana kuti palibe kujambula mwana popanda kholo lake kuvomera, ndipo makolo awiri azisunga kope lachiwiri. Ndikanachita zimenezi mu Meyi, nsanja isanamangidwe.

Mphasa za mthunzizo n'za kamtsikana ka khungu la chialubino. Mthunzi wa mango umachoka pa nsanja cha m'ma 9 koloko, ndipo ndinaona khosi lake litafiira. Tamanga mphasa zitatu pa nsungwi mbali ya kum'mawa ndi pamwamba. Amavina ndi chipewa ndi malaya a manja aatali, ndipo popeza saona bwino patali, malo ake ndi kutsogolo pafupi ndi nsalu yofiira. Popita kwawo sayenda yekha, malume ake amadzamutenga.

12 Okutobala

Kutentha kwa Mangochi kwafika pake. Pofika 9 koloko matabwa a mbali yopanda mthunzi amaotcha mapazi. Tasuntha nthawi, tikuyamba 6 koloko m'mawa. Ana ena amapita ku madrasa Loweruka, ndiye ndinakaonana ndi a mwalimu, tagwirizana kuti ndiziwamasula 8 koloko isanakwane. Ndowa ya madzi akumwa ikhale pafupi, ndipo timapuma pakatha nyimbo ziwiri zilizonse.

Matabwa auma n'kusiya mipata. Kamodzi katayala kakutsogolo ka njinga kanalowa mu mpata. Tamasula masikuluwu, tasunthira matabwa pamodzi, pa mpata womwe unatsala kumapeto taikapo kathabwa kopyapyala. Apa ndi pomwe ndinayamikira masikuluwu. Matabwa omwe ndinagula anali aawisi, ndipo sindinadziwe kufunsa. Gulani ouma, kapena muwaunjike pa mthunzi milungu ingapo musanakhome.

9 Novembala

Mvula yoyamba inagwa Lachitatu la sabata yatha. Lero titafika, udzudzu unatuluka pansi pa nsanja ngati utsi. Madzi adikha m'matayala onse 12. Kuno malungo si nkhani yocheza, ndipo ine ndamanga chosungira udzudzu pa malo osewerera ana. Sitinavine. Tinafuna kunyamula nsanja kuti tichotse matayala, amuna 8 analephera kuisuntha bwino chifukwa tinaimanga chinthu chimodzi.

A kalipentala abwera ndi sowo, taidula zigawo zitatu za mita imodzi ndi theka, chilichonse anthu anayi akunyamula. Poibwezera tazilumikiza ndi mabawuti 8 kuti kugunda kwa munsi kuzidutsabe. Mabawuti ndi ntchito K22,000. Matayala tawaboola kunsi ndi chitsulo chamoto, mabowo 6 lililonse, n'kuwathira mchenga pang'ono. Titatembenuza tinapezanso chiswe chitayamba mtanda umodzi womwe unakhudza dothi pomwe tayala linatitimira. Tasintha mtandawo, pansi pa tayala taika njerwa.

Chigawo chakutali ndi munsi sichikunjenjemera ngati kale. Mtsikana wosamva ndi amene anatiuza: anayenda chigawo ndi chigawo, pa chachitatu anaonetsa ndi zala kuti pang'ono. Tamanga mabawuti mwamphamvu, zasinthako koma sizinafike pakale. Pakadali pano osamva awiriwo akuvinira zigawo ziwiri zoyandikira.

23 Novembala

A mfumu atilola kusunga zigawozo m'shedi ya pa bwalo lawo nthawi ya dzinja, ndipo tizivinira momwemo mvula ikamagwa. Pansi pake ndi simenti, ndiye matayala akufunikabe. Ngolo yosamutsa K10,000. Ku banki m'khonde kwatsala K45,000, ndimaliza mu Januwale. Zomwe sindinathe: chimbudzi changa njinga silowa, mnyamata uja amapirira mpaka kwawo, ndipo izi zikundivutitsa. Khomo lifunika kukulitsa ndi kuika chogwirira. Ndafunsa mtengo, ndikudikira malipiro a Disembala.

Lero kwabwera mwana watsopano, kamnyamata ka zaka 6 kosamva, kochokera kutsidya kwa Shire. Mayi ake anamva kwa anganga aja. Kanakakamira chitenje cha mayi ake, osafuna kukwera. Ine ndisanaganize chochita, mtsikana wa zaka 11 uja anatsika, anagwada, n'kukaonetsa ndi manja kuti kavule nsapato. Sanakakoke. Anakwera yekha, n'kugona chafufumimba pa matabwa, tsaya lili pa thabwa, n'kukodola mnyamata wa munsi kuti ayambe. Kamwanako kanayang'ana kwa kanthawi, kenako kanaika chikhatho chimodzi m'mphepete mwa nsanja. Munsi utagunda kanachotsa dzanja msanga, n'kuliyang'ana, n'kulibwezeranso.

Mayi ake afunsa ngati angabwere nayenso Loweruka likudzali. Ndawalemba m'kope, ndipo ndawauza kuti phala timayamba 6 koloko.